Mkodzo wa Buluu

Chaka chimene ndinali m'kalasi yomaliza pa sukulu ya atsikana ku mishoni, malungo anandigwetsa mvula itangoyamba. Kwinini anandikana: makutu ankalira, ndipo ndikamwa ndinkasanza. Ndiye adresala, othandiza dokotala kuchipatala, bambo wina wodekha wa ku Zomba, anapatsa amayi timibulu tina, nati ndimwe kufikira titatha.

M'mawa mwake ndinakodza buluu. Buluu weniweni, ngati uja amayi ankathira m'madzi potsukuluza malaya oyera a azungu, poti kuchapa ndiyo inali ntchito yawo. Ananyamula chitini chokodzeramo napita nacho pakhomo pamene pankawala.

"Waona? Nthenda ija ndi imeneyi. Yayamba kutuluka."

Malungo anatha, timibulu tinatha, koma mtundu uja unali usanatheretu. Amayi anati nthenda ikadalimo. Anayenda wapansi kuchoka kwathu ku Mbayani mpaka ku Limbe, nabwera ndi kabotolo ka timibulu tomweto kuchokera kusitolo ya Mmwenye. Lamulo lawo linali limodzi: sindituluka pakhomo mpaka chitini chiyere.

Sindinkawaseka ayi. Mkulu wanga anamwalira ndi malungo atadzuka kale, akuyenda, akuseka, ndipo amayi ankati anamulola kutuluka msanga. Koma dona wotsogolera sukulu anatumiza mawu akuti ndikapanda kubwerera mwezi uwu usanathe, malo anga apatsa wina. Atsikana ofikira kalasi imeneyo tinali ochepa, ndipo wochoka sankabwereranso. Ine ndinkafuna uphunzitsi ndi mtima wanga wonse.

Tsiku ndi tsiku zinali zomwezo. Usiku m'bulu, m'mawa buluu, madzulo m'bulu wina chifukwa cha buluu wa m'mawa. Ndinkakhala pamkeka m'kachipinda kopanda zenera, ndikumva belu la ku mishoni ndi mawu a anzanga akutsika njira. Masana sitima inkalira kutali. M'kabuku kanga ka tsiku ndi tsiku munalibe cholemba china koma mitundu: lero wakuda bii, lero wobiriwira.

"Amayi, adresala aja anati timibulu tikatha basi."

"Adresala anabereka mwana wanga? Imwa."

"Koma ndachira."

"Wochira amakodza inki? Usandiphunzitse Chingerezi m'nyumba mwanga, iwe."

Pogona chagada choncho ndinakumbukira phunziro la zaukhondo. Tinaphunzira kuti chimene munthu wameza chimachoka m'mimba kulowa m'magazi, magazi amachizunguliza thupi lonse, ndipo impso zimachisefa pang'onopang'ono n'kuchitaya. Ndinaliloweza phunzirolo pofuna kukhoza mayeso, osaganiza kuti likunena za ine. Koma mawu okha amayi sakanawamva. Ndinafuna chinthu choti aone ndi maso.

Tsiku lina atapita kukatenga zochapa, ndinatola zitini zitatu zakale, n'kuboola ziwiri pansi ndi msomali. Ndinazisanja pamasitepe a khonde, china pamwamba pa chinzake, kuti madzi azidontha kuchoka mu ichi kulowa mu icho. M'chapakati ndinaikamo kachigamba ka bulangete. Amayi anandipeza ndili chogwada, nditanyowa.

"Wayamba masanje? Lowa!"

"Taimani pang'ono, amayi. Chapamwambachi ndi mimba yanga. Chapakati ndi magazi, ndipo chigambachi ndi mnofu. Chapansi mukuchidziwa."

"Chitini chako chija."

"Chomwecho. Ndibwerekeniko buluu wanu."

Anakayika, koma anamasula kansalu kamene ankamangamo buluu, nandibenthulira kachidutswa. Ndinakaponya pamwamba, n'kuthira madzi. Mtundu unatsika, unadetsa chapakati, kenako unafika pansi. Ndinapitiriza kuthira madzi oyera. Chapansi chinayamba kuyera, koma mochedwa, chifukwa chigamba chija chinkabweza mtundu pang'onopang'ono. Chitatsala pang'ono kuyereratu, ndinaponyamonso kachidutswa kena pamwamba. Zonse zinabwerera mwakale.

"Ameneyu ndi m'bulu wa dzulo," ndinatero.

Amayi anakhala pansi. Anatulutsa chigamba chija, nachifinya, nayang'ana madzi amene anatsika m'zala zawo.

"Ndiye ukuti ndine ndikukudetsa?"

"Sindinatero, amayi."

"Watero ndi zitini."

Usiku umenewo sanandipatse m'bulu. Kabotolo anakasomeka kudenga, pamene ndinkakaona ndikagona. Koma chitseko sichinatseguke.

"Mpango umayera ndi madzi amodzi," anatero m'mawa. "Bulangete ayi. Iwe sindiwe mpango. Ndiona ndekha."

Anandigwira ndi phunziro langa lomwe. Mwezi unali kutha. Ndinamwa madzi mpaka mimba kuti nde, koma thupi lili ndi liwiro lake, silimva kuchonderera. Buluu anasanduka wobiriwira, wobiriwira anafika ngati madzi ophikira masamba, ndipo anakakamira pamenepo. Amayi ankandigwira pamphumi ndikagona, poganiza kuti sindikumva. Ndinkadziwa kuti thupi likangotentha pang'ono, kabotolo katsika. Ndinkaopa ngakhale kutsokomola.

Linali Lachisanu lomaliza la mweziwo pamene amayi anatenga chitini kupita nacho pakhomo, monga mwa masiku onse. Anachipendeketsa uku, nachipendeketsa uko. Anaitana mayi woyandikana nafe kuti aonenso, ine ndikufa ndi manyazi kuseri kwa chitseko. Belu loyamba linalira.

Amayi analowa. Anatsegula dengu la zochapa za azungu, ndipo pansi penipeni anatulutsa diresi langa loyera la kusukulu, losita kale.

"Ukamva mutu, ubwerere. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Usathamange."

Ndinayenda bwinobwino mpaka pamene njira imakhota, pamene sakanathanso kundiona.