A Sakala Ankati Anamenyapo Kiriketi ku Mangalande

Ndikangomva fungo la mafuta opaka matabwa, maganizo amandibwezera ku Brampton, tauni ya kutsidya kwa nyanja komwe tinasamukira, pa galaja ya nyumba yoyandikana ndi yathu, pomwe a Sakala ankakhala pa ndowa yovundikira akupukuta thabwa lawo lomenyera mpira wa kiriketi, wailesi ikulira chapansipansi, ana a mumsewu akupalasa njinga. Anali bambo wamtali wa ku Chipata, wa imvi za m'mbali, wogwira ntchito yonyamula katundu ku weyahausi, nyumba yaikulu yosungiramo malonda. Ankati ali mnyamata anakhala zaka zingapo ku Mangalande akumenyera timu ya chigawo china, ndipo ankalipidwa ngati ntchito.

Bambo anga sankazikhulupirira. "Munthu wa ku Chipata, kiriketi anaiphunzirira kuti? Chithunzi alibe, chikho alibe. Ukawafunsa dzina la timu ayamba za nyengo."

Zikanathera pa kuseka, koma a Sakala anayamba kuperekeza azakhali anga a Nelesi, omwe tinkakhala nawo, kukakwera basi ya ku ntchito yawo yosamalira okalamba. Kenaka anabwera kudzanena za ukwati. Bambo anati wonama pa masewera sangalephere kubisa mkazi ndi ana ku Lusaka.

Chilimwe chimenecho Amalawi ndi a ku Zambia tinakumana ku paki kukawotcha nyama. Chapafupi anyamata achimwenye ankasewera kiriketi. Ndinaona bambo akupita kukanong'onezana nawo, nabwerera atanyamula thabwa.

"A Sakala, anyamatawa akuti muwaonetseko za ku Mangalande."

"Ndinasiya kale, bambo Kaliati."

"Mpira umodzi wokha. Achemwali angawa aone."

A Sakala anayang'ana azakhali, navula jekete. Anaima mokongola, phewa kutsogolo, chibwano pansi, moti anyamata aja anasiya kucheza. Mpira woyamba unadutsa osaukhudza. Wachiwiri unawamenya m'nthiti. Wachitatu unagwetsa timitengo ta kumbuyo kwawo, tomwe ankayenera kutiteteza. Anabweza thabwa mwaulemu.

"Diso lamanzereli linafa," anatero. "Mpira unandimenya pano. Ntchito inathera pomwepo."

M'galimoto pobwerera bambo anati, "Lero diso. Mawa tidzamva za bondo." Amayi anati kaimidwe kaja munthu sangangopeka. Bambo anati pa TV aliyense akhoza kuonera n'kutengera.

Azakhali anakwatiwabe, bambo atakhala kumbuyo kwa tchalitchi manja ali pachifuwa. Mkazi wa ku Lusaka sanatulukire, ngakhale bambo anamudikira mpaka a Sakala kumwalira.

Chaka chatha ndinafufuza pa intaneti. Ndinapeza Sakala mmodzi m'timu ina ya ku Mangalande, wa zaka zofanana ndi zawo, wopanda chithunzi, koma dzina loyamba linali lina. Mwina anasintha dzina, mwina anali mbale wawo, mwina anangobwereka mbiri ya munthu. Ndinapita nazo kwa azakhali ku Markham, ndikuganiza kuti adzafuna kudziwa. Ndinawaonetsa pa foni, koma sanaiyang'ane n'komwe.

"Azakhali, inuyo munawafunsapo?"

"Kuti nditani nazo? Ine sindinakwatiwe ndi kiriketi, mwanangu. Munthu uja ankandidikira pa basi chipale chofewa chikugwa."

Bambo sindinawauze zomwe ndinapeza. Mpaka lero sindikudziwa kuti zikanawasangalatsa kapena kuwachititsa manyazi.