Malo amene ndinagula kwa mkamwini

Mpaka lero ndimasunga chilolezo changa chomangira nyumba, chidindo chake chikuonekabe bwinobwino, ndipo mpaka lero sindimvetsa kuti pepala lotere lingafe bwanji.

Ku Mchinji ndinabwera kudzaphunzitsa, kuchokera kumpoto. Matipate atangobwera, aliyense akuthamangira kukhala ndi kake, nanenso ndinati ndikadzapuma ntchito ndisadzakalambire m'nyumba ya lendi. Bambo wina wa m'mbali mwa msewu wopita kuboda anandigulitsa malo. Tinayendera malire, iye patsogolo akuloza mitengo, ine pambuyo ndikungovomera. Ku ofesi ya mapulani anandipatsa fomu yoti asayine mwini malo, ndi kalata yodziwitsa abale ake kuti wodandaula adandaule. Zonse ndinapatsa bamboyo. Kwathu malo ndi a bambo, ndiye ndikanapatsanso ndani? Chilolezo chinatuluka.

Mkazi wa bamboyo ndiye ankatitungira madzi oumbira njerwa. Anali mayi wofatsa, ndikafika ankandipatsa mpando.

Khoma litafika pamawindo, ndinalandira samani. Wondisumira anali mayi yemweyo ndi mlongo wake. Ndinawerenga katatu, ndikuganiza kuti mwina alembi asokoneza mayina.

Tinapita kukhoti. Loya wawo sanatsutse kuti ndinagula, chidindonso sanachitsutse. Ankangoti wosayina fomu sanali mwini malo, ndipo eni ake kalata ija sanaione, choncho chilolezo ndi chopanda ntchito. Ndinadzambatuka.

"Nanga bambo aja si eni khomo?"

Anthu anaseka. Woweruza anandifotokozera pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani, ine mphunzitsi, kuti bamboyo ndi mkamwini. Pamudzipo anangobwera kudzakwatira, malo ndi a mkazi wake ndi abale ake. Mawu oti mkamwini ndinkawadziwa, m'kalasi ndinkawaphunzitsanso. Sindinaganizepo kuti angandilande nyumba.

Bamboyo tsiku limenelo sanaoneke. Akuti anapita ku Chipata kukazonda matenda.

Chilolezo chija woweruza anachifafaniza, n'kundiletsa kuikapo njerwa ina ngakhale imodzi. Ndinapsa mtima kwambiri, koma ndinasowa womupsera. Wondinyenga kulibe, ofesi inangodinda zimene ndinapereka ndekha, ndipo wondisumira ndi amene ankandipatsa mpando.

Panja ndinamupeza mayiyo akumanga chitenje, ndipo sindinapirire.

"Mayi, madzi munkatunga ndinu. Bwanji simunanene kuti malowa ndi anu?"

"Amuna anga anandiuza kuti mukutimangira golosale, aphunzitsi. Ndinadzazindikira nditaona zipinda zogona."

"Osandifunsa ine bwanji?"

Anandiyang'ana, mopanda mkwiyo n'komwe.

"Ndikanakufunsani nthawi yanji? Miyezi yonse ija, mukafika pakhomo panga, mawu anu kwa ine anali amodzi: 'Abambo alipo?'"

Makomawo alipobe mpaka pano, ofika pamawindo. Mkati mwake mayiyo amadzalamo maungu.