Mapazi Olunjika Pahema wa a Mifleh

Amalume anga a Mifleh sankatha kulemba ngakhale dzina lawo, koma mchenga ankauwerenga ngati kalata. Boma litamanga ndende m'chipululu mwathu muno, linawalemba ntchito yolondola mapazi a akaidi othawa. Zaka khumi ndi ziwiri, palibe anawapulumuka. Nanga kudzitama kwake! "Uyu wadutsa dzuwa lisanatuluke, ndipo madzi amuthera," ankatero, ife kukamwa kuli yasa.

Tsiku lina kunathawa mphunzitsi wa kumzinda, dzina lake Nadim, womangidwa pa zandale. Amalume anatsogola, mkulu wa ndende ndi asilikali ali pambuyo pa ngamila. Mapaziwo, lamanzere lokoka pang'ono, anadutsa pachitsime chouma, anakhota kuseri kwa miyala, n'kulunjika pahema wa amalume eni akewo. Kalanga ine!

Nadim anali atagwira chingwe cha hemayo, ndipo akazi a amalume, a Fidda, anali atam'patsa kale khofi. Kwathu kuno munthu akagwira chingwe cha hema wako n'kumwa khofi wako, ndi mlendo wako masiku atatu. Ukam'pereka, palibe wa fuko lako adzapondenso pakhomo pako.

"Amake Salameh, mwandichita zotani?" anafunsa amalume.

"Ndikanatani, munthu milomo itang'ambika ndi ludzu? Inuyo akatswiri bwenzi mutafika msanga!"

Mkulu wa ndende anakalipa: "Mifleh, m'tulutse, apo ayi ntchito yatha lero lomwe!"

Ntchito imeneyo ndiyo inkadyetsa ana asanu ndi mmodzi. Ndinalipo ine, ndinaona ndi maso angawa. Amalume anavula lamba wa boma, n'kumuika pamchenga, n'kukhala pakhomo pa hema.

"Bwana, masiku atatu. Ngati mukufuna, tsikani mumwe nafe."

Mkuluyo analamula asilikali kuti alowe. Aa, alowe ndani? Onsewo anali ana a konkuno. Wina anayamba kumanga nsapato, wina kukanda ngamila yake m'khosi. Ife akazi tinaimba nthungululu mpaka mawu kusasa!

Tsiku lachinayi amalume anam'bweza Nadim kundende okha, mkulu uja atalumbira pamaso pa akuluakulu kuti sam'kwapula. Ntchito ndiye inatheradi. Anayamba kuweta mbuzi, ndipo zaka zina tinkagona ndi madzi okha.

Ndende ija inatsekedwa, lero mumagona mbuzi zathu. Patatha zaka makumi awiri, amalume akuchokera kubusa, ndodo m'manja, anaima chilili panjira, maso pamchenga. Kenaka nkhalamba ija inathamanga, nduwira n'kugwa!

"Amake Salameh! Terekani khofi! Mkaidi wanga uja wabwera, akukokabe phazi lamanzere!"

Pahema panali bambo wa imvi, atagwira chingwe chomwe chija, misozi ili chuchuchu.

"Ndabwera ndidzapepese, atate. Ndinakuchotsetsani ntchito."

"Iwe, khala pansi!" anatero amalume, akum'koka dzanja. "Ulendo uno sindiwerenga masiku."