Mapazi Otsala m'Makaseti a Mlamu Wanga

Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chake mlamu wanga sanawatenthe makaseti aja. Kuwamvera anakana, kuwataya anakananso. Anawalongedza m'katoni ya sopo, n'kumanga ndi waya, n'kudzandisungitsa ine, munthu amene sindinavinepo chibadwire.

Anthu ankamutchula Chala. Ankakonza mawailesi pakhonde la sitolo ya nsapato, patebulo lodzaza timisomali ndi fungo la waya wopsa. Anakwatira mlongo wanga, telala wa mawu aakulu, amene masisitere anamuchotsa m'kwaya ponena kuti amamiza anzake.

Pansi pa fakitale ya matiresi panali chipinda chopanda windo, mosungiramo thonje kale. Lamulungu masana, makina akazima, mlonda ankawatsegulira. M'menemo ndimo munabadwira gule amene ankamutcha chipansi. Nsapato zinkatsala pamasitepe. Mlamu ankaika kaseti, n'kukanikiza kagudumu ka wailesi ndi chala chachikulu kuti nyimbo ilemere, iziyenda ngati munthu wosenza thumba. Dzina lake linachokera pamenepo. Koma luso lenileni linali lina. Ankagoneka maikolofoni pasimenti, wailesi yachiwiri n'kumajambula nyimbo pamodzi ndi mapazi a ovina. Sabata yotsatira ankavinira kaseti yatsopanoyo, iye n'kujambulanso. Mapazi ankasanjikizana choncho, a chaka chino pamwamba pa a chaka chatha, mpaka nyimbo yoyamba ija inkangomveka patali. Pakati pa zonsezi mlongo wanga ankafuula kuti, “Tsikani nayo!” ndipo chipinda chonse chinkapinda mawondo.

Ndinafikako kamodzi, nditatumidwa ndi amayi. Ndinaima pamasitepe, tayi ili m'khosi.

“Achimwene, vulani nsapato!” anatero mlongo wanga, thukuta lili kamukamu. “Kuno kulibe wansembe woti akulembeni dzina.”

Anthu anaseka. Sindinavule.

Chipansi chinakula mpaka makaseti ake ankagulitsidwa pamsika. Kenako chinayamba kuzilala. Fakitale inagulitsidwa, chipinda chija anathiramo matayala akale. Achinyamata anatembenukira ku nyimbo za pa kanema. Ndipo zinafika zaka za maliro zija, pamene sabata sinkatha osaperekeza munthu wa msinkhu wathu. Ovina anatha mmodzimmodzi. Mlongo wanga anapita chaka chachitatu. Titachoka kumanda, mlamu anabwera ndi katoni ija.

“Alamu, sungani,” anatero. “Muli anthu umu.”

Inakhala pamwamba pa kabati yanga zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wina wokonza nyimbo pa kompyuta. Anali atayamba wapita kwa mlamu, amene anamuuza kuti makaseti anadyedwa ndi chiswe. Akanabwera ndi mawu otamanda, ndikanamubweza pakhomo. Kusukulu ya mishoni anatiphunzitsa kuti wokutamanda amafuna kanthu. Koma iye anangokhala pampando, manja pamawondo.

“Bambo, mayi anga ankavina kumeneko. Anamwalira ndili wakhanda. Chithunzi chawo ndilibe. Akuti mapazi awo ali m'makasetimo.”

Ndinamasula waya. Ndinamupatsa imodzi yokha, yapamwamba, osadziwa kuti inali yomaliza kujambulidwa. Mlamu sindinamufunse.

Mtsikanayo anadula mawu a mlongo wanga, n'kuwabwerezabwereza pa ng'oma zatsopano. Isanathe miyezi itatu, chipansi chinauka. M'maminibasi, mometera tsitsi, m'mafoni a ana asukulu: “Tsikani nayo! Tsikani nayo!” Mwini sitolo ya nsapato anaika sipika pakhomo, kumbuyo kwenikweni kwa mpando wa mlamu.

Ndinapita kukamuona m'mawa wina. Ndinamupeza atagwira sikuludiraiva, wailesi ili chitsegulire, osagwira ntchito. Nyimbo ija inali kulira.

“Alamu, khalani,” anatero osandiyang'ana. “Tamverani mlongo wanu akatha kufuula. Mwamva kaphokoso ako?”

“Ndi ng'oma, eti?”

“Achinyamatawa nawonso akuyesa ng'oma. N'chifuwa chimenecho. Ndi tsiku limene anayamba kutsokomola. Ndinachimva ndili pa wailesi, ndinati ndi fumbi la thonje.” Anaika sikuludiraiva patebulo. “Kuyambira m'mawa atsokomola kokwana makumi asanu ndi limodzi. Ndikuwerenga.”

Ndinayamba kupepesa, koma iye anandidula mawu.

“Ndinasungitsa inu chifukwa simuvina,” anatero. “Ndinati kwa a tayi sadzawadzutsa. Muitaneni mwanayo. Mubweretsenso katoni.”

Tinakumana kunyumba kwanga Loweruka. Mtsikana anayamba kunena za holo imene anakonza kuti akamulemekeze pamaso pa anthu. Mlamu anakweza dzanja.

“Mayi ako ankatchedwa ndani?”

“Akuti Kandodo.”

Mlamu anamwetulira, koyamba m'miyezi imeneyo. “Wowonda uja? Ankatiba malo pafupi ndi sipika.” Anafufuza m'katoni, n'kutulutsa kaseti yopanda cholemba chilichonse. Anaiika m'wailesi yake yakale, chala pakagudumu. M'chipinda changa chochezera munadzaza mapazi, ambirimbiri, opanda nsapato. Ine ndinkangomva chiphokoso. Iye anatseka maso, n'kumatchula: uyu ndi wometa, uyu ndi mkazi wa mlonda, awa ndi mapasa aja. Onsewo tinawaika m'manda.

“Apo! Wamva? Amaponda kawiri ndi lamanja, lamanzere n'kukoka. Ndi mayi ako amenewo.”

Anabweza kaseti kasanu, mpaka mtsikanayo anayamba kugogoda pansi ndi phazi, kawiri, n'kukoka. Ankalira osatulutsa mawu.

“Tenga imeneyi,” anatero mlamu. “Koma usawadule. Asiye avine ndi anzawo.”

“Nanga nyimbo ija, agogo? Ndiichotse?”

“Ungaichotse m'foni ya yani, mwanawe?”

Anamanganso katoni ndi waya womwe uja, n'kuisenza. Ndinamuperekeza mpaka pageti. Tsidya la msewu ana anali kupinda mawondo, mlongo wanga akuwafuulira kuchokera m'kasipika.

Lolemba tebulo lake linapezeka lopanda kanthu, mawailesi a eni ake atakonzedwa onse, n'kusiyidwa m'sitolo. Ndinafunsa kudepoti. Kondakitala wina anakumbukira mkulu wa katoni ya sopo. Ndinamufunsa kuti anati akupita kuti.

“Sananene, bambo. Anangofunsa kuti ndi basi iti imene wailesi yake inafa.”