Waya wa Sitandi

Mpaka lero alamu anga a Yohane amadziwika kwathu ngati munthu woononga zinthu za eni, chonsecho woononga ndine.

Njinga yanga yamoto inkangozima ndikalowetsa giya. Tsiku lina zinandikwana. Ndinadula kawaya kamene kamazimitsa injini sitandi ikakhala pansi, n'kulumikiza nsonga zake ndi tepi. Ndinamanganso mawaya a batire omwe anali atakhwepa. Njinga inalira bwinobwino, ine n'kumadziona katswiri.

Loweruka alamuwo anaibwereka kuti akagule penti ku Area 1. Sindinawauze kanthu. Pobwerera anaiwala kukweza sitandi, ndipo pokhota inakanda phula n'kuwagwetsa. Anafika akuikankha, chigongono chili magazi okhaokha.

Mkazi wanga anawalusira pomwepo. "Achimwene, chilichonse mukagwira chimafa. Sitandi yonseyi osaiona?"

"Koma imayenera kuzima yokha," anayankha motsitsa mawu, maso ali pa ine. "Si choncho, alamu?"

Apa m'pamene ndimadzida. Ndinakalipa kuposa mkazi wanga. "Waya mwaudula nokha pogwa paja. Njinga imeneyi inalibe vuto."

Tepi yanga yakuda inali poonekeratu, yokulunga mwaluso. A Yohane anaiyang'ana, anandiyang'ana, kenako anapepesa. Kupepesako n'kumene kumandipsetsa mtima mpaka pano. Bola akananditukwana.

Waya ndinaukonza mwakabisira m'mawa mwake. A Yohane sanabwerekenso kanthu kwathu, ngakhale pampu. Tikakumana amandipatsa moni ndi manja awiri, ine n'kumalakalaka nditadziwomba khofi.