Mkazi wa pa Chimbale

Dzulo ndili m'chapa, minibasi ya kwathu kuno, motorisita woiyendetsayo anaika nyimbo yakalekale ya Chingerezi. Ndinaizindikira woimbayo asanatsegule pakamwa.

Bambo anga anali ndi zimbale zitatu za mayi ameneyo, zomwe anabwera nazo kuchokera ku Rodeziya. Lamulungu lililonse ankazipukuta ndi kansalu kofewa, n'kupukusa galamafoni pakhonde pathu ku Nhartanda. Pachikuto panali chithunzi chake, mzungu wa tsitsi lopotana ndi milomo yofiira psuu. Chikutocho chinkanunkhira mafuta a kumutu a bambo. Ana sitinkaloledwa kuchikhudza.

M'mawa wina bambo ananyamula zovala zawo n'kuchoka. Ndinamva amayi akuuza mnansi wathu kuti, "Apita kwa mkazi wawo uja." Ine ndinkadziwa mkazi mmodzi yekha amene bambo ankamuyang'ana nthawi yaitali. Ndinatenga msomali, ndinakanda zimbale zonse zitatu, kenako ndinamuboola maso pachithunzipo.

Amayi atandipeza anandimenya uku akulira. "Wachitanji, mwana iwe? Akanabwera kudzazitenga, bwenzi titawaonako!"

Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhulupirira kuti bambo sakubwerera chifukwa cha ine. Amayi akandituma kumsika ndinkayang'ana pansi, kuopa kukumana ndi bambo.

Ndinali kale ndi mwana kumsana pamene ndinamva zoona zake. Bambo ankakhala ku Matema konkuno ndi mkazi wogulitsa nsomba, anagula wailesi yatsopano, ndipo sanafunsepo za zimbale zawo, ngakhale za ife.