Manda a Mayi Kuseri kwa Nthochi

Ndinaganiza zochoka ku Milonde tsiku limene kapitawo wa ku esiteti ya tiyi anandibweza pamzere wa ofuna ntchito. "Mwana wa Jeremani asakhudze tiyi wa mfumu," anatero, anthu n'kuseka. Bambo anga analidi Mjeremani wokonza makina. Boma linawatenga nkhondo itangoyamba, ine ndili mwana, ndipo sanabwererenso. Nkhondo inatha, koma kwathu anaipitiriza pa ine, mlongo wanga Esitere ndi mayi. Nanga Hitilayo tinkamudziwira kuti ife olima nandolo?

Ku Sozibele, mzinda wa dziko lina kumene ndinalowera, ndinkanyamula njerwa. Kumeneko ankandinyoza kuti Mnyasa, ndipo kunena zoona dzinalo linkandikomera, chifukwa linkandiika pamodzi ndi anthu. Lamlungu ndinkangokhala pakhomo pa komboni, wopanda wocheza naye, mtima uli kwa mayi. Aliyense wopita kwathu ku Mulanje ndinkamupatsira kandalama ndi moni. Uthenga wobwera kwa ine unali umodzi wokha, ndipo unachedwa: mayi akudwala.

Nditatsika pamsika wa Milonde mu 1956, woyamba kundilonjera anali amalume, maso ali pa sutikesi. Anandiuza kuti mayi anatisiya mwezi wathawo, Mulungu anapatsa, Mulungu watenga. Mpaka lero ndikakumbuka mawu ofatsa aja magazi amawira.

Esitere sananditengere kumanda. Anandilondolera kuseri kwa nyumba, pansi pa nthochi, pamene panali kamtumbira kozunguliridwa ndi minga.

"Bwanji kuno?"

"Adzukulu anakana kukumba, achimwene. Akuti mkazi wa Jeremani akamukumbire Ajeremani."

"Nanga amalume?"

"Anati iwo sangalimbane ndi mudzi."

Mayi amenewa sanajombepo pamaliro a munthu. Ankatunga madzi, ankagona pasiwa, ankalira ana a eni ngati awo. Kwathu ngakhale wakuba amakumbiridwa manda. Anthu omwewo amene amaimba kwaya mokweza analeka mtembo wa mnansi wawo m'nyumba chifukwa cha nkhondo imene anangoimva pawailesi ya kwa mzungu.

"Ndiye anakumba ndani?"

Esitere anayang'ana pansi. Mkazi sakumba manda, tonse tikudziwa, n'chifukwa chake anayankha ngati wopalamula.

"Ndinangokumba kulekeza m'chiuno, achimwene, nthaka inalimba. Mingayi ndiyotchingira agalu."

Madzulo ake amuna a m'mudzi anabwera kudzandipepesa, zipewa zili m'manja, wina n'kufunsa ngati ndabweretsako fodya wa ku Sozibele. Sindinawayalire mphasa. Ndinawatengera kuseri kuja, n'kuwauza kuti apepese mayi okha, poti sali patali, akumva.